Kufunsa Akulu a Nchito Tisanawalembere Maphunziro a Chingerezi

Mphunzitsi amene atumizidwa ku sukulu ya m'mbali mwa nyanja sakhala masiku ambiri asanalandire mlendo wa mtundu wina pakhomo pache. Mlendoyo sakhala kholo lodzadandaula za mwana ai. Akhala munthu wamkulu, wa banja lache ndi nchito yache, ndipo atatha kulonjerana anena motsitsa mau kuti, "Aphunzitsi, mukadandithandizako Chizungu." Pempho lotere limveka kwambiri kwa Chembe, mudzi waukulu wa asodzi wa ku Cape Maclear, m'dera la Mfumu Nankumba, m'boma la Mangochi, ndipo ambiri a inu amene mukuphunzira uphunzitsi mudzalimva, kapena komweko kapena kwina. Chimene mphunzitsi watsopano achita kawiri kawiri ndicho kutenga buku la ana a Sitandade 3, nakhazika mkuluyo pa benchi, nayamba naye pa tsamba loyamba. Pakapita masabata atatu mkulu uja saonekanso. Sanakwiye, ndipo mukakumana panjira alonjera bwino lomwe. Koma waona kuti bukulo silinena kanthu za nchito yache, ndipo madzulo amene ataya pa benchipo akadasoka ukonde kapena kusema chogulitsa.

M'nkhani ino ndifuna kufotokoza za chipangizo chimodzi chimene chingathandize mphunzitsi kuti asagwe m'cholakwa chimenechi. Chipangizocho ndi pepala la mafunso, ndiko kunena mafunso olembedwa mwa dongosolo, amene afunsidwa mofanana kwa anthu ambiri, kuti mayankho ao aikidwe pamodzi ndi kuwerengedwa. Tiligwiritsa nchito kawiri: poyamba tisanalembe phunziro liri lonse, kuti tidziwe Chingerezi chimene anthu achisowa, ndipo kachiwiri maphunziro atayamba, kuti tione ngati zimene tinalemba zikuwathandiza. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo nzoona; koma wofunsa molakwa adya phula lomwelo, ali ndi pepala m'manja lomuuza kuti ndi uchi.

Chingerezi si chachilendo kwa Chembe. Dzina lomwelo la Cape Maclear linaperekedwa ndi David Livingstone, pokumbukira bwenzi lache Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi wa ku Cape Town. M'mwezi wa October 1875 amishoni a ku Scotland anafika pamalopo ndi sitima yao ya Ilala, otsogozedwa ndi E. D. Young pamodzi ndi Dr Robert Laws, namanga Livingstonia woyamba, natsegula sukulu imene iri m'gulu la sukulu zoyambirira za dziko lino. Malungo anawavuta, ndipo m'chaka cha 1881 anasamukira ku Bandawe, nasiya manda amene alendo apita kukaona kufikira lero. M'zaka za 1949 ndi 1950 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC, zoyenda pakati pa England ndi South Africa, zinkaima pa Cape Maclear. Koma chimene chinasintha mudziwo kwenikweni ndicho kukhazikitsidwa kwa Lake Malawi National Park m'chaka cha 1980, ndi kulembedwa kwache ndi bungwe la UNESCO m'chaka cha 1984 pakati pa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha tinsomba tokongola ta m'miyala totchedwa mbuna. Mudzi wa Chembe unatsala m'kati mwa malo otetezedwawo. M'zaka zotsatira nyumba zogona alendo zinachuluka m'mbali mwa gombe, ndipo pambali pa usodzi panabadwa nchito zina zimene munthu sangazigwire popanda kumvana ndi mlendo.

Tiyeni tione anthu amene adza kudzapempha Chingerezi. Pali mnyamata woyendetsa boti, amene atenga alendo kupita nao ku zisumbu za Thumbi ndi Domwe. Iye ayenera kunena mtengo, nthawi yonyamuka ndi yobwerera, kuchenjeza za mphepo, kufotokoza za nkhwazi ndi mbuna, ndiponso kuyankha mlendo wofunsa ngati m'madzimo muli likodzo. Pali wosema ziboliboli, amene Chingerezi chache chonse chiri pa kutsatsa ndi kunenerera mtengo. Pali mai wophika kapena woyala m'zipinda, amene salankhula zambiri, koma ayenera kumva msanga chimene wauzidwa, ndi kuwerenga kapepala kosiyidwa ndi mkulu wa nchito. Palinso mai wogula usipa pagombe, nauyanika pa thandala, nakaugulitsa ku Limbe kapena ku Lilongwe. Ameneyu sakumana ndi mzungu pa malonda ache, koma uthenga wa pa foni wonena za ndalama, ndi mapepala a ngongole, kawiri kawiri zimdzera m'Chingerezi. Onsewa anena mau amodzi, "Ndifuna Chizungu," koma Chizungu chimene achifuna si chimodzi.

Michael West, amene anali mkulu wa sukulu ya aphunzitsi ku Dacca m'dziko la Bengal m'zaka za m'ma 1920, anaona kuti ophunzira ambiri asiya sukulu asanatsirize, nafunsa kuti: kodi munthu wosiyira pakati atsala ndi chiani m'manja? Iye anati maphunziro akonzedwe kotero kuti ngakhale wosiya msanga apindulepo kanthu. Ndipo ndiye yemwe anasindikiza m'chaka cha 1953 mndandanda wa mau a Chingerezi pafupi fupi 2,000 amene ali ofunika koposa. Ganizo lache liyenera kwambiri akulu a nchito. Mwana wa sukulu muli naye zaka 8, koma msodzi mungakhale naye masabata asanu okha, pakuti nsomba zikamveka kwina iye apita. Tsono m'masabata asanuwo ayenera kulandira mau amene adzawanena mawa, ndipo mphunzitsi sangawadziwe mauwo atakhala m'nyumba mwache. Pambuyo pache, m'chaka cha 1987, Tom Hutchinson ndi Alan Waters analekanitsa zinthu zitatu zimene tiyenera kuzifufuza: chimene nchito ya munthu ifuna, chimene iye mwini chimsowa pa zofunikazo, ndi chimene mtima wache ukhumba. Zitatuzi zisiyana kawiri kawiri. Mai wophika uja nchito yache ifuna kumva, koma mtima wache ungakhumbe kulemba kalata kwa mwana wache ali ku Johannesburg, kapena kuwerenga lipoti la sukulu la mdzukulu. Musanyoze chokhumba chimenechi, pakuti ndicho chimdzutsa kubwera ku kalasi atatopa. Koma dziwani kuti pepala la mafunso lipeza zokhumba mosavuta, lipeza zofunika pa nchito movutikira, ndipo pa zimene munthu zimsowa linama msanga.

Pepala langa loyamba la mafunso ndinalilemba m'Chingerezi, pakuti ndinali wachinyamata ndipo ndinafuna kuti lioneke laulemu. Ndinaligawa Lachisanu kuti anthu akalembere kwao, ndipo Lolemba mapepala ambiri anabwerera odzaza bwino, kotero kuti ndinadziyamikira mumtima. Nditakhala pansi kuwawerenga ndinaona kuti dzanja lolemba linali limodzi pa mapepala ochuluka, ndi mayankho omwe ofanana ngati mapasa. Anthu anatengera mapepalawo kwa mnyamata wina wa Sitandade 8, iye nayankha monga anaganizira kuti aphunzitsi akondwera. Amene sanabweze mapepala ndiwo anali osowa Chingerezi koposa onse, ndipo za iwowa sindinaphunzire kanthu. Kuyambira pamenepo ndiyesa kuti pepala la mafunso liyenera kukhala m'manja mwa wofunsa: mphunzitsi afunse ndi pakamwa, m'chinenero cha munthuyo, nalembe yekha mayankho.

Chinenerocho chiri ndi misampha yache. Kwa Chembe ambiri alankhula Chinyanja cha kunyanja, koma boma la Mangochi liri ndi Ayao ochuluka, ndipo pagombe mupezanso asodzi Achitonga ochokera kumpoto. Funso limene limveka bwino kwa wina lingamveke mwina kwa mnzache. Ngakhale m'Chichewa mokha, taganizani za funso ili: "Kodi mumawerenga m'Chingerezi?" Mai wa usipa adzayankha kuti inde, ndipo sanama, pakuti awerenga ndalama ndi zitini za nsomba ndi manambala a Chingerezi tsiku ndi tsiku, koma inu mudzalemba kuti mai uja adziwa kuwerenga buku. Mau akuti "kumva" ali chimodzimodzi. Munthu akati, "Chizungu ndimamva," mwina anena kuti azindikira zonse, mwina anena kuti agwirako mau awiri atatu, mwinanso anena kuti alankhula ndithu. Njira yoyesera mafunso otembenuzidwa, imene Richard Brislin anaifotokoza bwino m'chaka cha 1970, ndi iyi: munthu mmodzi atembenuze funso kuchokera m'chinenero choyamba, ndipo wina amene sanaone funso loyambalo alibwezenso, mafunso awiriwo akasiyana, cholakwa chiripo. Mphunzitsi mnzanu wodziwa Chiyao angakuchitireni zimenezi madzulo amodzi. Mukatha, yesani pepalalo pa anthu asanu musanapite nalo kwa onse, ndipo funso liri lonse limene wina afunsa kuti, "Mukutanthauza chiani?" mulilembenso.

Koma chovuta chachikulu pa zonse ndi ulemu. Mwambo wathu sulola munthu kukhumudwitsa mlendo amene wavutika kudza pakhomo pache, makamaka mlendoyo akakhala mphunzitsi wa ana ache. Mukafunsa kuti, "Kodi Chingerezi nchofunika pa nchito yanu?" adzati inde. Mukafunsa kuti, "Kodi mungakonde kuphunzira kulemba makalata?" adzati inde. Mukafunsanso ngati angabwere ku kalasi katatu pa sabata, adzati, "Ai, tizibwera, aphunzitsi," ngakhale adziwa kuti usiku ali panyanja ndipo usana agona. Sanakunamizeni; wakupatsani ulemu wanu, monga akadakupatsani mpando. Tsono funso liri lonse limene yankho lache laulemu lidziwika kale liri lopanda pache, ndipo pepala lodzaza ndi mafunso otere lingokubwezerani maganizo anu omwe munapita nao. Mankhwala ache ndiwo kuleka kufunsa chimene munthu aganiza kapena alonjeza, ndi kufunsa chimene chinamchitikira.

Chitsanzo chabwino cha zimenezi chichokera kwa a zaumoyo, ndipo chikhudza nthenda imene anthu a kunyanja aidziwa bwino. Christian Lengeler ndi anzache, pofuna kudziwa midzi imene likodzo lachuluka m'boma la Kilombero ku Tanzania, anatumiza pepala la mafunso ku sukulu za pulaimale, ndipo aphunzitsi ndiwo anafunsa ana. Ana sanafunsidwe maganizo ao pa za matenda. Anafunsidwa ngati anaona magazi mu mkodzo masiku apitawo, ndipo funsolo linaikidwa pakati pa mafunso ena, a chifuwa, mutu ndi zina zotere, kuti mwana asadziwe chimene wofunsa achisakasaka. Zotsatira zache, zimene zinasindikizidwa m'chaka cha 1991, zinasonyeza kuti sukulu zimene ana ambiri anavomera ndizo zomwe zinapezeka ndi likodzo lochuluka atayeza mkodzo. Pambuyo pache bungwe la World Health Organization linayesa njirayo m'maiko ena a Africa, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo m'malo ambiri inagwira nchito. Pepalalo linathandiza chifukwa linafunsa chinthu chimodzi, chooneka ndi maso, chochitika posachedwa.

Ife tingatsate njira yomweyo. M'malo mofunsa woyendetsa boti ngati adziwa kulankhula ndi alendo, mfunseni kuti, "Tsiku lomaliza limene munatenga mlendo linali liti? Anakufunsani chiani? Munayankha bwanji? Panali mau amene simunawamve? Munatani?" Pamenepo munthu aleka kukupatsani ulemu, nayamba kukusimbirani nkhani, ndipo m'nkhaniyo muli phunziro lanu. Adzakuuzani kuti mlendo anafunsa kanthu kena za madzi, iye sanamve, nangoseka navomera. Ndipo inu mudzazindikira kuti mwina funsolo linali la likodzo, ndi kuti kuvomera kwache kukadavulaza munthu. Mai woyala m'zipinda mfunseni kuti, "Sabata yathayi, ndani anakulankhulani m'Chingerezi? Munaitana wina kuti akumasulireni? Kangati?" Mai wa usipa mpempheni, ngati alola, akuonetseni uthenga umodzi wa pa foni umene anapita nao kwa wina kuti amwerengere. Funso likhale la chinthu chimodzi. Mukafunsa kuti, "Kodi muvutika kulankhula ndi kulemba?" yankho lakuti inde silikuuzani chimene chivuta pa ziwirizo. Ndipo mafunso akhale ochepa. Khumi ndi awiri akwanira, pakuti munthu wa nchito akaona kuti mwatembenuza tsamba lachitatu ayamba kuyankha mongofuna kuti mupite.

Ambiri a inu mwaona mapepala amene apempha munthu kusankha pa masitepe asanu, kuyambira "ndivomereza kwambiri" kufikira "ndikana kwambiri." Njira imeneyi inayambidwa ndi Rensis Likert wa ku America m'chaka cha 1932, ndipo iri ndi nchito yache pakati pa anthu ozolowera mapepala. Koma pofunsa ndi pakamwa, pagombe, ine sindiikhulupirira. Kusiyana kwa "ndivomereza" ndi "ndivomereza kwambiri" m'kalankhulidwe kathu kukhala m'kamvekedwe ka mau ndi pankhope, ndipo mkulu waulemu sanena kwa mphunzitsi kuti, "Ndikana kwambiri." Pofuna kudziwa chimene munthu achiika patsogolo, nkwabwino kumpatsa nyemba khumi. Ikani pamphasa zinthu zoimira mbali za Chingerezi: ndalama ikhale kunena mtengo, foni ikhale kuwerenga uthenga, envulopu ikhale kulemba kalata, mbale ikhale kumva zouzidwa pa nchito. Munthuyo agawe nyemba zache pa zinthuzo monga afuna. Popeza nyemba ziri khumi zokha, sangathe kuvomera zonse mofanana. Akaonjeza pa foni achotsa pa envulopu, ndipo achita zimenezi popanda kukana mphunzitsi pamaso.

Tsono tifunse yani? M'chaka cha 1936 magazini ya ku America yotchedwa Literary Digest inatumiza mapepala pafupi fupi 10 miliyoni kufunsa anthu amene adzamsankha kukhala pulezidenti, ndipo oposa 2 miliyoni anabwerera. Magaziniyo inalengeza kuti Alf Landon adzapambana. Koma Franklin Roosevelt ndiye anapambana, m'zigawo 46 mwa zigawo 48. Maina ambiri anatengedwa m'mabuku a eni matelefoni ndi eni magalimoto, ndipo amene anabweza mapepala sanali ofanana ndi amene anangokhala chete. Kuchuluka kwa mapepala sikunakonze cholakwacho. Kwa Chembe msampha womwewo ukudikirani pagombe. Mukangotulutsa pepala, oyamba kukuzungulirani adzakhala anyamata operekeza alendo, amene alankhula kale Chingerezi mosaopa. Adzayankha mokoma ndi mwachangu, ndipo mukawatsata mudzalemba maphunziro oyenera iwo okha. Amai ali ku mathandala ndi kumadzi sadzabwera okha. Asodzi a chilimira, amene agwira usipa usiku ndi nyali, adzakhala ali mtulo. Chifukwa chache, musanayambe, lembani mitundu ya nchito imene iri m'mudzimo, amuna ndi akazi, achinyamata ndi achikulire, ndipo mudzilamule kupeza anthu angapo pa mtundu uli wonse. Anthu 30 osankhidwa motere aposa 200 odzibweretsa okha. Asodzi muwapeze masiku amene mwezi uwala kwambiri, pakuti pamenepo nyali sizikopa usipa ndipo ambiri akhala kumtunda. Ndipo kumbukirani masiku omwewo pokonza nthawi ya kalasi.

Pali ndi za mwambo zimene pepala silinena. Yambani mwaonekera kwa nyakwawa ndi kufotokoza chimene mufuna, kuti anthu asayese kuti ndinu a msonkho kapena a zoteteza nsomba, pakuti m'mudzi wokhala m'kati mwa malo otetezedwa munthu wonyamula pepala ndi cholembera aopedwa. Nenani poyera kuti kuyankha sikubweretsa nchito kapena ndalama, ndi kuti wosafuna angathe kukana. Musalembe dzina la munthu pa pepala, nambala ikwanira. Musafunse bambo za kusadziwa kwache pamaso pa ana ache, kapena mkamwini pamaso pa apongozi ache. Ndipo amai ambiri adzamasuka bwino akafunsidwa ndi mphunzitsi wamkazi.

Mapepala akasonkhana, nchito yowerengera siifuna makina. Tengani pepala lalikulu, lembani m'mbali zovuta zimene anthu atchula, ndi pamwamba mitundu ya nchito, ndipo muike kamzere pa yankho liri lonse. Tiyerekeze kuti mwa anthu 30, anthu 19 atchula kusamva mlendo akalankhula mofulumira, 14 atchula mkangano wa mtengo, ndipo 4 okha atchula kulemba kalata. Pamenepo mwadziwa poyambira. Koma musathamangire kulemba. Pitani kaye pagombe masiku awiri kapena atatu, mukhale chapatali mwa chilolezo cha eni ache, ndi kumvetsera. Mudzapeza zinthu zimene palibe anazitchula, chifukwa munthu sadziwa chimene sachidziwa. Wosema ziboliboli angakuuzeni kuti manambala sawavuta, koma inu mudzamva ndi makutu anu kuti iye akati "fifteen" mlendo amva "fifty," ndipo malonda afera pomwepo, wina ayesa mnzache wakuba. Mudzaonanso kuti alendo salankhula Chingerezi cha m'buku. Wa ku Germany, wa ku Ireland ndi wa ku South Africa atchula mau mosiyana, ndipo aliyense ameza ena. Pamene pepala ndi makutu anu zigwirizana, lembani molimba mtima; pamene zisiyana, khulupirirani makutu, ndipo mubwerere kukafunsanso.

Phunziro loyamba lochokera m'kufufuza kotere kawiri kawiri silifanana ndi tsamba loyamba la buku liri lonse. Lingakhale la mau opempha mlendo kuti abwereze pang'ono pang'ono, ndi ovomera mosachita manyazi kuti sunamve, pakuti munthu wodziwa mau amenewa aleka kuvomera zimene sanazimve. Lachiwiri lingakhale la manambala ovuta aja, ndi chizolowezi cholemba mtengo pamchenga kapena kuuonetsa pa foni. Phunziro liri lonse likhale pa tsamba limodzi, lotha kuima palokha, kuti wojomba sabata imodzi asayese kuti watsalira kotheratu. Ndipo m'kati mwache muikemo kanthu ka zokhumba zija, kalata yaifupi kapena lipoti la sukulu, ngakhale nyemba zache zinali zochepa.

Maphunziro akayenda mwezi umodzi ifika nthawi ya pepala lachiwiri, loyesa zimene tinalemba. Pano ulemu uja uvuta koposa, pakuti tsopano wofunsidwa ndi wophunzira wanu, ndipo adziwa kuti tsambalo munalilemba ndinu. Funso lakuti, "Kodi maphunziro akukoma?" lidzakubweretserani mayamiko okha okha. Ngati nkotheka, mphunzitsi mnzanu ndiye afunse, inu mulibe. Ndipo afunsenso za zochitika: "Pa mau amene munaphunzira sabata yatha, ndi ati amene mwawanena kwa munthu kunja kwa kalasi? Kwa yani? Iye anamva?" Ayale masamba onse pamphasa, nati, "Akati mutaye limodzi, mungataye liti? Akati musunge limodzi lokha?" Munthu amene sanganene kuti tsamba ndi loipa angathe kuloza loti litayidwe. Tsamba limene palibe walisankha kulisunga, ndipo palibe wanenapo mau ache kunja, lichotsedwe, ngakhale mutalikonda chotani. Ndipo ndikuuzeni kuti kawiri kawiri likhala lomwe munataya nalo nthawi yambiri. Mafunso ena a pepala loyamba abwerezedwe mau ndi mau, monga lija la kuitana womasulira, kuti muone ngati chiwerengero chatsika.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi chimene chakhumudwitsa aphunzitsi ambiri popanda chifukwa. Munthu amene poyamba anati, "Chizungu ndimamva bwino," atatha miyezi iwiri angati, "Ndimamva pang'ono." Sanabwerere m'mbuyo ai, maso ache atseguka, ndipo tsopano aona kukula kwa chimene sachidziwa. Nchifukwa chache kudziyesa kwa munthu mwini sikuyenera kuima pakokha. Pambali pache pakhale kachiyeso kakang'ono kofanana ndi nchito yache: mnzanu akhale ngati mlendo wofuna boti la ku Thumbi, ndipo muone ngati mtengo ndi nthawi zimveka bwino mbali zonse ziwiri.

Otsala m'kalasi ndiwo amene maphunziro awayanja, kotero kuti mukafunsa iwo okha mwabwereza cholakwa cha magazini ija. Amene anasiya ndiwo asunga mau ofunika, ndipo ayenera kutsatidwa kwao, mmodzi mmodzi, osati mowadzudzula. Mukampeza mkulu akusoka ukonde, khalani pansi, mucheze za nyanja kaye, ndipo pambuyo mufunse za tsiku lomaliza limene anabwera ndi chimene chinachitika mawa lache. Zifukwa zina simungazikonze, monga ulendo, maliro kapena matenda. Koma zina ziri m'manja mwanu. Wina anasiya chifukwa munamuika pa benchi limodzi ndi mnyamata amene amlemba nchito pa bwato lache. Wina chifukwa ana a sukulu anali kusuzumira pa zenera namseka. Ndipo pali chifukwa china chimene mkulu sachitchula msanga, koma muyenera kuchifunsa mwa nzeru: anthu ambiri akapitirira zaka 40 maso ao aleka kuona bwino zilembo zazing'ono zapafupi, makamaka kukayamba mdima. Munthu wotere akhala m'kalasi akuyang'ana tsamba limene saliona, aphunzitsi namuyesa wogona mutu, iye nachita manyazi kunena. Mukaona kuti agwira pepala patali ndi nkhope, kapena alitembenuzira kukhomo kofika kuwala, lembaninso masambawo ndi zilembo zazikulu, ndipo kalasi muisunthe kuti iyambe dzuwa likadalipo. Mukatero mumtumizire mau kuti tsamba latsopano lamdikira.